Kuswetsa milamba ndi zida zopanga tokha: zolemba za ku Ulongué

Zolembazi ndazitola m'kope la gulu lathu la alimi a nsomba kuno ku Angónia, ku Mozambique, poti anzathu a ku Dómuè, Tsangano ndi Macanga akhala akufunsa kuti ntchito ija yafika pati. Amene simunamve chiyambi chake, nkhani ndi iyi: maiwe tili nawo, madzi a m'dambo tili nawo, koma mbewu ya nsomba ndiyo imatisowa chaka ndi chaka. Yochokera kutali imafika itafooka, ina itafera m'njira. Kukatenga nsomba zamoyo kutsidya kwa malire nakonso si nzeru masiku ano. Matenda a zilonda otchedwa EUS, amene anayamba kuoneka mumtsinje wa Chobe ndi wa Zambezi cha mu 2006 ndi 2007, anafika ku Mchinji mu 2020, ndipo mlamba ndi imodzi mwa nsomba zimene amazigwira. Tinagwirizana kuti tiziswetsa tokha.

Tinasankha mlamba osati chambo. Chambo chimaswana chokha m'dziwe mpaka kudzaza tiana tosakula. Mlamba ndi wamakani. Wamkazi amatha kudzaza mazira m'mimba koma osaikira, kudikira mvula yoti isefukire m'maudzu a m'dambo. Kuti aikire pa nthawi yofuna ife, amabayidwa jakisoni, mazira nkukamidwa ndi manja, umuna nkuthiridwa m'mbale. Njirayi si yachilendo, anthu aigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri. Chimene chimatsekereza gulu ngati lathu ndi zida zake, zomwe zimachokera kunja pa mtengo woti sitingaufike. Ntchito yathu ndi kupanga zidazo ndi zinthu zopezeka pa Vila Ulongué, ku Tete kapena m'misika ya m'malire.

Juni

Mwezi uno madzi a m'dziwe amazizira moti kuviikamo dzanja m'mamawa kumafuna kulimba mtima. Milamba sikudya bwino, ndipo yaikazi imene tinaigwira kuti tiione mimba zake ndi zophwa. Mazira a mlamba sakula bwino madzi akatsika pansi pa madigiri 22, ndiye palibe choti tingabaye mpaka kutatentha. Miyezi yozizirayi taiika kuti ikhale yopangira zida.

Pamsonkhano woyamba mndandanda wa zofunika unatalika, aliyense akutchula chimene anaona pa YouTube. Tinaudula ndi lamulo limodzi: chida chilichonse chiyankhe funso loti tikapanda kuliyankha titaya mazira. Mafunsowo anatsala atatu. Kodi mazira akhwima? Kodi umuna uli moyo? Kodi madzi ali pa madigiri angati, ndipo akhala pomwepo mpaka mawa? Chida chosayankha limodzi mwa mafunsowa tachiika pambali, ngakhale chioneke chapamwamba bwanji.

Tayamba ndi lachitatu chifukwa ndi limene anthu amalipeputsa. Tinagula timathemomita tingapo ta batire, totchipa tija tokhala ndi kachingwe. Titativiika m'ndowa imodzi tinapeza kuti sitikugwirizana, kena kutsogola ndi digiri yathunthu, kena kutsalira. Mnyamata wina anati digiri imodzi n'chiyani. Pa mlamba digiri imodzi ndi ola lathunthu. Madzi akakhala pa madigiri 20, kuchokera pobaya jakisoni kufika pokama pamadutsa maola pafupifupi 21. Pa 25 ndi maola 11, pa 27 maola 9, pa 28 maola 8, pa 30 maola 7. Ukafulumira mazira amakana kutuluka, ukaumiriza amatuluka ndi magazi. Ukachedwa ndi ola limodzi kapena awiri amakhala apitirira, ndipo ambiri saswa. Manambalawa tawalemba ndi penti pakhoma la shedi, pamodzi ndi a nthawi yoswera: pa 20 mazira amatenga maola pafupifupi 57, pa 25 maola 27, pa 28 maola 22.

Kuyesa themomita ndi madzi owira sikuthandiza kuno kumtunda. Tili pamwamba kuposa mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo madzi amawira asanafike pa 100, cha m'ma 96. Tagwiritsa ntchito zinthu ziwiri. Choyamba ndi ayezi wophwanyaphwanya wosakaniza ndi timadzi pang'ono, yemwe amakhala pa 0 kulikonse. Chachiwiri ndi themomita ya odwala yogula ku farmácia, yomwe ndi yodalirika cha m'ma 36 ndi 37; timaiviika m'madzi ofunda limodzi ndi tathuti. Kalikonse takamata kapepala kolemba kuti kamawonjeza kapena kamachotsa zingati. Kamene kamasinthasintha pakokha tinapatsa ana kuti aziseweretsa.

Julayi

Bokosi loswetsera. Tatenga colman yaikulu, ija amagulitsiramo zakumwa, nkuikamo beseni. Madzi ndi awiri: akunja, omwe ndi otenthetsa, ndi a m'beseni, omwe ndi a mazira. Hita ndi ija ya 12V yowiritsira tiyi m'galimoto, ndipo imakhala m'madzi akunja okha chifukwa pafupi ndi iyo pamatentha moti dzira lingapse. Choyatsa ndi kuzimitsa ndi kabolodi kotchedwa W1209, kokhala ndi kachingwe koviika m'madzi. Takauza kuti kaziyatsa pa 27 ndi kuzimitsa pa 28. M'beseni muli kapampu ka mpweya ka 12V, kophulika pang'onopang'ono kumbali.

Apa ndi pomwe masamu anatibweza m'mbuyo, ndipo ndikupempha aliyense wofuna kutengera bokosili awerenge ndime ino asanagule kanthu. Kukweza lita imodzi ya madzi ndi digiri imodzi kumadya mphamvu ya 1.16 Wh. Malita 40 kuwachotsa pa 18 kuwafikitsa pa 28 ndi 460 Wh ndi kakusiyira. Batire ya galimoto ya 12V 70Ah papepala ili ndi 840 Wh, koma ukamaitsitsa kupitirira theka siikhalitsa. Ndiye kuti kutenthetsa madziwo kamodzi kokha kwamaliza batire, usiku usanayambe n'komwe. M'mabuku mumaona madzi akulowa uku nkumatuluka uku osaleka. Zimenezo n'za anthu a magetsi osathima kapena a ku Tete kuchigwa kumene madzi amafunda okha. Kwa ife batire ntchito yake ndi kusunga kutentha, osati kukuyambitsa.

Kutenthako tikukutenga kudzuwa. Mgolo wopaka penti yakuda, wovekedwa pulasitiki yoonekera, umakhala pabwalo tsiku lonse, ndipo madzulo madzi ake amakhala afunda ndithu ngakhale mu Julayi muno. Akapereŵera timawonjeza a pamoto, kusakanizira m'ndowa kaye mpaka themomita itavomera. Bokosilo talikwirira m'katoni yodzaza gaga wouma, pamwamba bulangete.

Chotsala chinali cha m'bandakucha, pamene kuzizira kumakula ndipo hita imangoyaka osazima. Yankho linachokera kwa amayi ena a m'gulu oweta nkhuku. Anaima pakhomo la shedi akutiyang'ana tikulimbana ndi mawaya, kenako anati, "Aphunzitsi, mukuvutikiranji ndi batire? Ine anapiye ndimawagoneka ndi mabotolo a madzi otentha." Tinayesa usiku womwewo: mabotolo awiri otseka bwino, kuwaika m'madzi akunja pogona ndi kuwasintha tambala woyamba akalira. Hita tsopano imangoyaka mwa apo ndi apo. Bokosi lagona usiku wambiri lili ndi madzi okha, ife tikulemba kutentha m'kope, ndipo silikutsika kupyola 26.

Ogasiti

Mwezi wonse wapita pa maikulosikopu, ndipo ndifotokoze chifukwa chake tikuivutikira.

Mlamba wamwamuna sakamika. Ungamufinye bwanji pamimba, umuna sutuluka woti n'kugwiritsa ntchito. Umayenera kumupha, kung'amba mimba, kuchotsa matumba awiri a umuna amene ali chakumsana, kuwapukuta magazi, kuwacheka m'mphepete ndi lezala nkufinya madontho oyera. Umunawo umakhala duu mpaka utakhudza madzi. Ukangowakhudza umathamanga kwa nthawi yosakwana miniti imodzi, basi watha. Ndiye dontho limodzi la madzi pambale, kapena chala chonyowa, chitha kuuononga wonse iwe osadziwa, chifukwa ndi maso wamoyo ndi wakufa umaoneka woyera chimodzimodzi. Umadzazindikira mawa lake mazira onse atayera, wamkazi wakamidwa kale, wamwamuna wadyedwa kale ndiwo.

Tinayamba ndi kagalasi kochotsa m'katochi ka laser ndi kena kochokera mu DVD yakufa, zomwe anatipezera mnyamata wokonza mafoni pamsika. Ukakamata pakamera ya foni, mazira amaoneka bwino zedi. Koma umuna ndi nkhani ina. Kamutu kake ndi pafupifupi ma micron awiri, kutanthauza kuti timitu 500 titandandalikana ndi pomwe tingakwane milimita imodzi. Pamafunika kagalasi kobulungira, kakang'ono kwambiri. Izi si zachilendo: Antonie van Leeuwenhoek anaona umuna mu 1677 ndi maikulosikopu ya kagalasi kamodzi kokha. Masiku ano kuli Foldscope, yopangidwa ndi Manu Prakash ndi Jim Cybulski ku Stanford, yomwe ndi pepala lopinda ndi kagalasi kotere, ndipo imakuza ka 140. Tinapezako imodzi kudzera mwa wophunzira wina wochokera ku Beira. Tinachotsa kagalasiko nkukapangira nyumba ya thabwa.

Vuto lalikulu silinali kukuza koma kulunjika. Kagalasi kotere kamafuna chinthu chikhale pafupi nacho kwambiri, ndipo ukasuntha pang'ono chabe zonse zimasanduka chifunga. Bawuti ya M6 imayenda milimita yathunthu ukaizunguza kamodzi, zomwe ndi zambiri. Ya M3 imayenda theka la milimita, komabe dzanja limapitirira. Chimene chagwira ndi rula yachitsulo. Taikhomera mbali imodzi pathabwa, bawuti ikukankha mbali inayo, ndipo galasi loikapo dontho lili pafupi ndi pokhomerapo. Bawuti ikayenda kwambiri, galasi limangoyenda pang'ono. Kuwala nakonso tasintha. Tochi ikawalira kuchokera pansi, tinthu toonekera mkati timasowa. Tikawalitsa cham'mbali, pansi titaika pepala lakuda, timanyezimira.

Poti umuna kulibe mwezi uno, tikuyesera ndi yisiti wa mandasi wosungunula m'madzi, yemwe timadontho take ndi tokulirapo pang'ono kuposa timitu ta umuna, komanso ndi madzi obiriwira a m'dziwe. Yisiti akuoneka kamodzikamodzi. Zakwana.

Tinataya masiku angapo pa kachida kowerengera kuchuluka kwa umuna. Ka m'malabotale, kotchedwa Neubauer, kali ndi timizere tojambula pagalasi ndi mpata wa 0.1 mm. Tinayesa kupanga mpatawo ndi selotepi, koma selotepi imasiyana makulidwe, ndipo galasi lapamwamba limapendama. Ku Louisiana State University kuli likulu losunga mbewu za zamoyo za m'madzi limene limapanga zida zotere ndi makina a 3D n'kugawa mapulani ake poyera, ndipo ndi ntchito yotamandika. Koma ife tinabwerera ku lamulo lathu lija. Mwamuna mmodzi wokhwima ali ndi umuna wokwanira akazi angapo. Funso lathu si loti ulipo wochuluka bwanji, koma loti ukuyenda kapena ayi, ndipo kwa masekondi angati. Kachidako tasiya.

Seputembala

Zida zing'onozing'ono, zonse zatha msanga.

Choonera ngati mazira akhwima ndi kapaipi kofewa kodyetsera makanda kuchipatala, kogula kosatsegula. Umakalowetsa masentimita 4 mpaka 6 potulukira mazira, kuyamwa pang'ono ndi pakamwa, nkutulutsa mazira angapo. Timawandandalika pagalasi, pansi pali pepala la timizere ta milimita lija la kusukulu. Mazira khumi akapyola mamilimita khumi, ali ofanana kukula ndiponso obiriwira modera, wamkaziyo ndi woti abayidwe.

Sikelo ndi kaja ka m'thumba komwe amayezera golide anyamata a ku Chifunde, kowerenga mpaka 0.01 g. Galamu imodzi ya mazira a mlamba imakhala ndi mazira pakati pa 600 ndi 700, ndiye ukayeza mbale usanakame ndi utakama, wadziwa kale kuti uli ndi angati. Soro wa 0.9%, madzi a mchere aja a m'dilipi omwe timasungunuliramo umuna, tikugula wa ku farmácia. Wopanga tokha ndi magalamu 9 a mchere pa lita ya madzi owiritsa, koma ameneyu ndi wapadzidzidzi chabe, chifukwa mchere ukachepa umuna umadzuka nthawi isanakwane.

Choyalapo mazira ndi felemu ya mapaipi a PVC yokokapo sefa ya pulasitiki ya pawindo, ya timabowo ta milimita imodzi kapena kupyola pang'ono. Mazira amamatirira pasefa, tiana tikaswa timagwera pansi, makoko ndi mazira ovunda amatsala pamwamba, ndipo umangonyamula felemu nkukataya. Chonde, neti ya udzudzu ayi. Ndikudziwa kuti ndi imene ili pafupi m'nyumba iliyonse, koma mankhwala amene amanyikamo, monga permethrin ndi deltamethrin, ndi poizoni woopsa ku nsomba, ndipo sachoka ndi kuchapa kamodzi kapena kawiri. Komanso netiyo ili ndi ntchito yake pabedi.

Novembala

Mvula yagwa, madzi afunda, mimba za yaikazi zafewa ndipo potulukira mazira pafiira. Tayesa koyamba.

Jakisoni alipo wa mitundu iwiri. Ovaprim ndi wosavuta, 0.5 ml pa kilo ya nsomba, koma kuno sapezeka ndipo amachokera kutali. Winayo ndi pituitary, kachiwalo koyera kosaposa njere ya mapira kamene kali pansi pa ubongo wa mlamba womwewo. Umadula mutu, kuutembenuza, kuchotsa nsagwada yapansi, kutsegula fupa la kumwamba kwa kamwa ndi pulayala mosamala, nkukatola ndi katimbiri. Umakapera ndi soro wokwana mililita imodzi kapena awiri, kusiya zinyalala zikhale pansi, nkukoka madziwo ndi sirinji. Pituitary imodzi yochokera ku nsomba yolemera mofanana ndi wamkaziyo imakwana.

Apa pali mfundo imene inatipangitsa kuvutikira maikulosikopu. Pituitary imafunika usiku, umuna umafunika m'mawa. Ambiri amapha amuna awiri, wina wa jakisoni, wina wa umuna. Ife amuna okhwima tili nawo owerengeka, ndipo aliyense wadya chakudya cha chaka chathunthu. Tinafuna kuona ngati mmodzi angapereke zonse ziwiri. Umuna wosungunula mu soro umatha kukhala tsiku limodzi kapena awiri pamalo ozizira cha m'ma digiri 4, ndiye usiku umodzi suyenera kuvuta, bola ukhale ndi njira yotsimikizira m'mawa usanagwire wamkazi.

Tinapha wamwamuna 8 koloko usiku. Matumba ake anali otupa bwino, oyera m'mphepete. Tinawapukuta ndi pepala lofewa mpaka magazi atatha, kufinyira umuna m'kabotolo kouma, kuthiramo soro, kutseka, kukulunga m'kansalu nkuika m'fulasiki yokhala ndi ayezi pansi. Kansaluko nkoti botolo lisakhudze ayezi, chifukwa umuna ukauma ndi chisanu wafa. Cha m'ma 9 tinabaya wamkazi m'mnofu wa pamsana, singano itapendama kuloza kumutu, maso titamuphimba ndi thaulo yonyowa kuti akhale bata, kenako kusisita pobayapo. Tinamuika yekha m'beseni lovundikira ndi thabwa ndi mwala pamwamba, poti mlamba wobayidwa amadumpha, ndipo awiri akakhala pamodzi amalumana. Madzi anali pa 27. Khoma linati 6 koloko m'mawa.

Itatsala pang'ono kukwana 6 tinatulutsa kabotolo. Kadontho ka umuna pagalasi, foni ikujambula kale, pachithunzi timadontho tonyezimira tili chete. Atcheya anagwira kamtengo ka machesi konyowa nkukhudzitsa m'mphepete mwa dontho. Nthawi yomweyo chithunzi chonse chinayamba kunyanyuka, timadontho tikuthamangira uku ndi uku, kenako kuchepa, kuchepa, mpaka zii. Titabwereza vidiyo tinapeza kuti anayenda kupitirira theka la miniti. Atcheya anangoti, "Achimwene, tengani mayiyo."

Kukama kumafuna anthu awiri, wina kugwira kumutu ndi thaulo, wina kumchira. Nsombayo imapukutidwa kaye, mbale ikhale youma, manja ouma. Chala chachikulu chimatsetsereka pamimba kuchokera kumtunda kutsikira kumunsi, ndipo mazira akakhala okonzeka amangotuluka okha ndi kukhudza pang'ono. Kadontho ka magazi kakaoneka, siya. Tinayeza mbale, kuthira umuna, kusakaniza ndi nthenga ya nkhuku, kuthira madzi oyera ofanana ndi mazirawo, kupukusa kwa miniti imodzi, nkuyala pasefa msangamsanga asanayambe kumatana okhaokha.

Mazira ochepa tinawapatula m'kambale koyandama m'beseni lomwelo kuti tiziwaona ndi kagalasi ka DVD kaja. Pasanathe maola awiri ena anali atayamba kugawikana mkati, timagawo tiwiri, kenako tinayi, ndipo anthu anachita kupanga mzere kuti aone pafoni. Pofika madzulo osakhala ndi moyo anali atayera, ndipo anali ochepa poyerekeza ndi obiriwira. M'mawa wotsatira, monga momwe khoma linanenera, pansi pa beseni panali tiana tikugwedeza michira, kalikonse ndi kathumba kake kachikasu pamimba. Amene anaswa anaposa theka.

Disembala

Ulendo uno sunayende bwino, ndipo ndi umene watiphunzitsa malire a bokosi lathu. Kunachita mitambo masiku otsatizana, sola inalephera kudzaza batire, mgolo wakuda sunafunde, ndipo usiku wa mazirawo mvula inagwa mpaka kucha. Madzi anatsika kufika pa 23. Pa kutentha kotero mazira amatenga maola oposa 30, ndipo maola owonjezerawo ndi amene nkhungu imapezera mpata. Imayambira pa dzira lakufa, kuoneka ngati tiubweya toyera, nkugwira oyandikana nalo. Felemu imene mazira anali atayalidwa motalikirana inapulumukako. Imene anali ataunjikana inavunda pafupifupi yonse, madzi nkuyamba kununkha.

Zimene tasintha: mazira asasanjikizane, ngakhale zitanthauze kutaya ena kapena kuwonjeza felemu. Oyera azichotsedwa ndi kapaipi ka dilipi akangooneka. Gawo la madzi a m'beseni lizisinthidwa ndi ena ofunda mofanana, kuwadonthetsa kudzera pa dilipi yomweyo, yomwe kagudumu kake kamalola kuchepetsa kapena kuwonjeza. Ndipo kukachita mitambo, nkhuni ndi ketulo zikhale zokonzeka dzuwa lisanalowe, pakhalenso wogona m'shedi.

Umuna wogona usiku umodzi ukupitirira kuchita bwino. Wogona usiku uwiri unayenda koma mofooka, timadontho tambiri titangokhala, ndipo sitinauthire pa mazira. Popanda foni ija tikanauthira.

Pali nkhani ina imene gulu silinagwirizane. Poti tapeza njira yosungira amuna, ena akufuna mwamuna mmodzi azithirira akazi onse a tsikulo. Ine ndikukana. Tiana ta chaka chino ndi timene tidzakhale makolo a zaka zikubwerazi, ndipo tonse tikakhala a bambo mmodzi tidzakwatitsa pachibale, mbewu nkuyamba kufooka ndi kupunduka. Kupulumutsa nsomba imodzi lero sikungalipire zimenezo. Maganizo anga ndi oti pa tsiku lokama akazi angapo tiziphabe amuna awiri kapena atatu ochokera maiwe osiyana, mazira a mkazi aliyense kuwagawa m'mbale ziwiri, ndipo kope lizionetsa kuti ndani anathirira ndani. Atcheya akuti tikambiranenso tikakolola. Ilipo njira yong'amba mwamuna, kudula gawo la thumba nkumusoka kuti akhale moyo, atamugoneka ndi mafuta a clove, koma pakati pathu palibe amene dzanja lake lazolowera kusoka nsomba, ndipo sindikufuna tiphunzirire pa amuna ochepa omwe tili nawo.

Januwale

Kuswetsa tsopano tikukutha. Pamene tikutaya tiana ndi pambuyo pake. Kathumba kachikasu kamatha pa tsiku lachitatu, ndipo kuyambira pamenepo timafuna chakudya chamoyo chokwana pakamwa pake. Artemia, kanyama kakang'ono kwambiri ka m'madzi a mchere komwe mazira ake amagulitsidwa ouma m'zitini, ndi wabwino, ndipo kumuswetsa n'kosavuta: botolo la malita awiri lodula kumunsi nkulizondotsa, madzi a mchere magalamu 25 mpaka 30 pa lita, mpweya, tsiku limodzi basi. Koma chitini chake n'chodula ndipo tinangopeza pang'ono. Chikasu cha dzira lowiritsa timadya, koma chimaononga madzi msanga moti umasintha kangapo patsiku. Tayamba kuweta tizilombo ta m'madzi m'migolo yothira manyowa a nkhuku pang'ono, kusefa ndi masefa awiri osanjikiza: yapamwamba yogwira mphutsi ndi tizilombo todya nsomba, yapansi ya nsalu yothina yogwira tofunikato. Mgolo umafunika kuuyambitsa sabata imodzi kapena kuposerapo tisanabaye wamkazi, ndipo izi taziwonjeza pakhoma paja.

Chinanso ndi kudyana. Pakatha masabata awiri kapena atatu mumapezeka tina tokula kuposa tinzake, ndipo timeneti timameza tating'ono tathunthu, mchira kumaonekera pakamwa. Tapanga chosankhira ndi masipoko a njinga olowetsa m'felemu ya thabwa motalikirana mofanana. Tating'ono timadutsa, tatikulu timatsala. Choyamba chinali ndi mipata yosafanana chifukwa mabowo tinaboola ndi msomali. Chachiwiri tinaboola ndi dirilo potsata pepala la timizere, ndipo chikugwira. Tikufuna zitatu za mipata yosiyana kuti tizisankha sabata iliyonse.

Zimene zatsala mvula isanathe ndi izi. Tikufuna kukapempha ku sukulu ya zaulimi ya UniZambeze pano pa Ulongué kuti tikayerekeze zimene foni yathu ikuona ndi maikulosikopu yeniyeni, pa dontho limodzimodzi, kuti tidziwe ngati tikuunamizira umuna wofooka kuti ndi wabwino. Tikupanga bokosi lachiwiri la thabwa ndi kaylite wa m'makatoni a mafiriji, poti colman yadula ndipo anzathu a ku Tsangano, komwe kumazizira kuposa kuno, akufuna lalikulupo. Pituitary za milamba yophedwa pokolola tayamba kuzisunga mu acetone, mankhwala amadzi oziumitsa, kuti tione ngati zidzagwire ntchito chaka chamawa. Mapulani a nyumba ya kagalasi ndi miyeso ya rula ija ndawajambula papepala. Wofuna abwere ndi foni yake pa shedi Loweruka lililonse m'mawa, chifukwa bowo la thabwa limayenera kuboolewa molingana ndi pomwe pali kamera ya foniyo.